Naini pa Dzina la Anesi Ida

Amene anayamba kuwerenga ndine, zimenezo sindikana. Anthu amati anayambitsa ndi a Mike, kalaliki wa pachipatala, chifukwa ndi iwo anabwera ndi pepala, koma a Mike anangomalizitsa. Ine ndinali nditawerenga kale pa zala, nditakhala pa geti ndi beseni langa la zitumbuwa.

Dzina langa ndi Temwa. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, chaka chimene amama anayamba kutupa miyendo, ndiye kuyambira pamenepo ndimagulitsa ndine pa geti la chipatala cha mishoni kuno ku Henga. Pa geti palibe chimandidutsa. Ndimadziwa amene wabwera ndi mimba yopanda mwini, amene mwamuna wake sanamugulire ngakhale chitenje chimodzi, amene amadzatenga mankhwala a mwezi ndi mwezi koma n'kumanama kuti akudzazonda m'bale. Amama amati pakamwa panga padzandipha. Ine ndimawayankha kuti sindinama, ndimangonena zimene ndaona.

Ku mateniti kunali anamwino atatu. Anesi Carol, akwathu konkuno, mwana wa abusa akale. Anesi Hellen a ku Bolero, amene anali atangochoka kumene ku sukulu ya unamwino. Ndi anesi Ida, ochokera ku Thyolo. Anthu ankawatchula kuti mChewa uja, ngakhale iwo ankati ndi Alomwe. Chitumbuka chawo chinali monire ndi yewo basi. Sankaseka ndi anthu, ndipo mzimayi akabwera mochedwa ankamukalipira ali pa machira pomwepo.

Kwathu kuno mwana akafa pobadwa sitilira maliro. Amangotuluka azimayi okhaokha, atatu kapena anayi, mmodzi atanyamula kamtolo ka chitenje, n'kulowera kuseri kwa tchalitchi mwakachetechete. Ena saona n'komwe. Ine ndimaona, chifukwa njira yake imadutsa pa beseni langa, ndipo ine sindingaone chinthu osafunsa. Ndikafunsa odikirira odwala kuti m'chipindamo munali ndani, ankati mChewa uja. Ulendo wina, mChewa uja. Pofika kachisanu ndinatembenukira kwa NyaMhango, amene amagulitsa nthochi pambali panga, n'kuwauza kuti mwaona, asanu tsopano, onse m'manja mwa munthu mmodzi. Ndinangonena ngati mmene ndimanenera zina zonse. NyaMhango anagwira pakamwa, ine n'kumva kukoma kuti lero ndabweretsa nkhani yolemera.

Sabata isanathe nkhani ija inali itafika ku Phwezi, n'kubwerera kwa ine itanenepa. Wina anati anesi Ida amakoka ana mwankhanza. Wina anati safuna kuti Atumbuka tichuluke. Mzimayi wina anandinong'oneza kuti si asanu koma twente, ndipo anati anamva kwa mtsikana wa zitumbuwa, osadziwa kuti akulankhula ndi mtsikana wa zitumbuwayo. Azimayi a pachidikiro, amene amagona pachipatala kudikira tsiku lawo, anayamba kufunsa kaye kuti lero ali pa ntchito ndani asananene kuti zayamba kupweteka.

Zikanathera pa miseche basi akanapanda kumwalira Isabella. Isabella anali mpongozi wa a Arthur Chirambo, mkulu wa mpingo amenenso ndi wapampando wa komiti ya chipatala. Anabereka bwinobwino mwana wamwamuna m'mwezi wa Malichi, koma magazi sanasiye. Pofika masana anali atapita. Pa pepala panali dzina la anesi Ida. Maliro atatha, a Chirambo analamula a Mike kuti atsegule buku la ku mateniti awerenge imfa zonse za zaka ziwiri, ndipo anati ngati zimene anthu akunena n'zoona, mzimayi ameneyu achoke pa malo ano.

A Mike ndi a ku Ntcheu, achinyamata, oyenda ndi laputopu m'chikwama. Ndimacheza nawo chifukwa amakonda zitumbuwa zopserera. Tsiku lina anabwera nkhope ili gwa, nandiuza kuti, Temwa, nkhani yako ija si yabodza. Imfa zonse, za ana ndi amayi, zinali leveni. Naini zinali pa dzina la anesi Ida.

Ndinawafunsa ngati sizingakhale tsoka chabe. Anatola zitsekero za mabotolo leveni pansi, najambula mabwalo atatu pa dothi, lina la a Carol, lina la a Hellen, lina la a Ida. Anati anamwino atatuwa amagawana masiku mofanana. Ndiye tangoganiza kuti watsinzina n'kumaponya zitsekerozi, chilichonse chigwere m'bwalo limene chafuna. Kuti naini zigwere mwa a Ida mokha, ukhoza kuponya maulendo 700 n'kuziona kamodzi. Anati anawerengera pa laputopu kawiri. Madzulo amenewo 700 ndinali nditamuuza kale aliyense wogula.

M'mawa mwake anabwera adada Thomson Munthali. Amenewa anaphunzitsa masamu ku sekondale zaka zambiri, anapuma, ndipo nawonso ali mu komiti. Amayenda ndi ndodo ndi chipewa chophwanyika. Anakhala pa mwala pafupi nane, n'kundifunsa ngati ndine mwini wake wa nkhaniyi. Ndinavomera monyada ndithu.

"Iwe umaona zonse pa geti pano," anatero. "Tandiuza, zinthu zikavuta ku mateniti, amathamangira kwa ndani?"

Nyumba ya anesi Ida inali kuseri kwa mjigo, ndipo kanjira kake kamaonekera pa geti. Kangati ndinaona anesi Hellen akuthamanga m'kanjira kameneko atagwira chipewa m'manja? Kangati anesi Ida anatuluka atangomanga chitenje pamwamba pa diresi la pakhomo, patapata kuphazi, tsiku loti sali pa ntchito? Tsiku la Isabella lomwe, m'mawa wonse munali anesi Carol. Anesi Ida ankachapa. Anawaitana dzuwa lili pamutu, nadutsa pa ine manja ali thovu lokhalokha, akupukutira m'chitenje. Zonsezi ndinaziona ndi maso omwewa amene ndinaonera timitolo tija, kungoti sizinali zokoma kunena, ndiye sindinazisunge.

Ndinawauza adada Munthali zonse. Anamvetsera atatsamira ndodo, kenako anandifunsa ngati ndingakanene zomwezo pamaso pa komiti. Ndinati ee.

Msonkhano unachitika Lachitatu m'mawa mu holo ya tchalitchi. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo, ngakhale unali wa komiti yokha. Anesi Ida anakhala pa benchi yakutsogolo okha, atavala yunifomu yosita, manja pa maondo. A Mike anawerenga pepala lawo. Atafika pa 700 paja, holo yonse inang'ung'udza. A Chirambo anati mwamva nokha, izi si za pa geti ayi, ndi masamu. Mpata woti mzimayi ameneyu alibe mlandu ndi umodzi pa 700.

Adada Munthali anaimirira pang'onopang'ono n'kunena kuti ayi, a tcheyamani, nambala imeneyo sikunena zimenezo. Anatembenukira kwa a Mike n'kuwafunsa kuti powerengera paja anaganiza kuti azimayi amagawidwa bwanji kwa anamwino. A Mike anati mwamwayi, aliyense amapeza amene ali pa ntchito tsiku limenelo.

"Ndiye nambala yako yakwanitsa chinthu chimodzi," anatero adada Munthali. "Yatiuza kuti imfazi sizinagwe mwamwayi. Pamenepo ndikuvomera, masamu ako ndi abwino. Koma sinatiuze chifukwa chake. Chifukwa chake mwaikamo nokha."

A Chirambo anafunsa kuti chifukwa china chingakhale chiyani. Adada Munthali anati tonse tikumudziwa Elias wokonza mijigo. Mutazungulira mijigo yonse yakufa m'Henga muno, mukapeza kuti womaliza kuigwira anali Elias. Muwerengere, mudzapeza nambala yoopsa kuposa 700. Kodi timuthamangitse Elias? Ena anaseka, koma a Chirambo sanaseke. Anati mpongozi wawo sanali mjigo.

Adada Munthali anapepesa, navula chipewa. Kenako anati:

"Taganizani kuti anesi awa ndi oipitsitsa pa atatuwa. Buku lingaonetse chiyani? Naini pa dzina lawo. Tsopano taganizani kuti ndi odziwa kuposa onse, amene anzawo amawaitana zikafika povuta, ndipo amene wamaliza ndi wodwala ndiye amasaina. Buku lingaonetse chiyani? Naini pa dzina lawo. Chinthu chimene chimatuluka chimodzimodzi uku ndi uku sichingatiuze kumene tili. Tifune china chimene chingasiyane."

Anapempha kuti aone mapepala a mzimayi aliyense, ofotokoza amene anamulandira, nthawi yake, ndi mmene analili pofika. A Mike anati anafufuza, koma ambiri sanalembedwe bwino, ena anadyedwa ndi chiswe mu sitolo. M'buku lalikulu muli malo a dzina limodzi basi. Apo m'pamene adada Munthali anati pali mboni, n'kundiitana.

Ndinaimirira. Ndinanena za kanjira ka kuseri kwa mjigo, za chitenje ndi patapata, za thovu m'manja tsiku la Isabella. Ndinaona anesi Hellen akuweramitsa mutu. Anesi Carol anandiyang'ana osaphethira. Atafunsidwa, anati kufunsana nzeru pa ntchito kumachitika, koma iwo sanasiyirepo mnzawo wodwala, ndipo sangakumbukire za tsiku lililonse. Anesi Hellen atafunsidwa anangolira, osanena ee kapena ayi.

A Chirambo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Si iwe unayambitsa nkhani imeneyi, mwana iwe?"

Ndinati ndine, adada.

"Dzana unkati amapha. Lero ukuti amapulumutsa. Mawa udzati chiyani?"

Anthu anaseka chomene, mpaka a m'mawindo. NyaMhango ndinawamva akuuza mnzawo kuti kamwanaka kamadya ndi pakamwa. A Chirambo anati komiti singataye masamu a munthu wophunzira chifukwa cha mawu a mwana wa zitumbuwa amene aliyense akudziwa khalidwe lake. Adada Munthali anati mawu a mwana yemweyo munawalandira pamene ankaneneza, ndipo ndi amene anakutumani kukatsegula bukulo. Anafunsanso a Chirambo kuti pali chimene angaone n'kusintha maganizo awo? A Chirambo anati aona kale zokwanira, anaika m'manda mwana wa zaka 24.

Pomaliza anapatsa mpata anesi Ida. Sanaimirire nthawi yaitali.

"Ndinasaina chifukwa ndinali pomwepo pamene ankapita," anatero. "Munthu wina anayenera kusaina."

Adada Munthali anawachonderera kuti atchule masiku amene anaitanidwa ndi amene anawaitana. Anesi Ida anapukusa mutu n'kukhala pansi. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kunyada kapena kumvera chisoni anesi Hellen. Komiti inavota. Manja asanu ndi limodzi anakwera kuti kalata ipite ku likulu la mishoni yopempha kuti awachotse. Adada Munthali okha ndi amene sanakweze.

Anesi Ida ananyamuka mu Meyi, pa kalole ka matani awiri, matiresi atamangidwa pamwamba. Palibe anabwera kudzatsazika. Galimoto itaima pa geti kudikira mlonda, ndinapita pa windo. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa koma anangotuluka akuti pepani anesi. Anandifunsa ngati Rahab amene amabwera ku sikelo ndi mkulu wanga. Ndinati ee, ndi woyamba kubadwa kwathu, mimba yake yoyamba.

"Mwana wake watsogoza matako, ndipo sindikuona ngati atembenuka. Ine ndikanatha. Anzangawa sadzayesa n'komwe, ndipo sindiwanena. Umuuze akadikirire ku chipatala cha ku Boma, asadikire pano."

Ndinathamanga kukamuuza Rahab tsiku lomwelo. Iye anachita mantha, ankafuna kupita. Koma apongozi ake atamva kuti mawuwo achokera kwa mChewa uja, kudzera kwa ine, anati amenewo ndi matemberero a munthu wothamangitsidwa, ndipo ku Rumphi Boma adzamuphikira ndani nthawi yokolola ino. Amuna ake anagwirizana ndi amayi awo. Rahab anabwera pachidikiro pathu pomwepa.

Zinamuyamba Loweruka m'mawa. Anesi Carol anamuyeza, natuluka, nalemba kalata yomutumiza ku Boma. Kuchokera pa msonkhano uja, chimenecho ndicho chinali chizolowezi. Mzimayi akangoonetsa kachizindikiro kalikonse, cholembera chinkafika manja asanafike. Palibe ankafuna kuti dzina lake likhale m'malo amodzi aja a m'buku. Ambulansi inali itapita kale ndi mzimayi wina. Tinadikira mpaka kuma leveni, kenako alamu anga anapeza pikapu ya munthu wogula soya. Tinamugoneka Rahab kumbuyo pa matumba, ine ndi apongozi ake titamugwira uku ndi uku.

Tisanafike pa mlatho wa Njakwa mwana anayamba kutuluka. Miyendo inatuluka, thupi linatuluka, mutu unakana. Apongozi ake anakoka, ine ndinagwira Rahab mapewa, dalaivala akuimba hutala kuti njinga zipatuke. Timiyendo tija tinkagwedera, ndinatiwona, kenako tinasiya. Ku Boma anatilandira msanga ndipo Rahab anamupulumutsa, koma mwana anati wafika atafa kale. Anali wamkazi. Tinabwera naye m'chitenje n'kukamuika kuseri kwa tchalitchi, azimayi okhaokha.

Mu Disembala a Mike anamata pepala latsopano pa bolodi la chipatala. Miyezi isanu ndi iwiri chichokereni anesi Ida, imfa ku mateniti: ziro. Adada Munthali anawapeza ali pa geti n'kuwafunsa kuti nanga otumizidwa ku Boma ndi angati. A Mike anati 41. Nanga miyezi ngati yomweyo chaka chatha? Anati eyiti. Nanga mwa 41 amenewo, ndi angati anabwerako ndi ana amoyo? A Mike anayang'ana pansi n'kunena kuti zimenezo zili m'buku la ku Boma, osati lawo. Ndinalowererapo n'kufunsa za ofera pa msewu. Anati amenewo kwathu amalembedwa kuti anatumizidwa. A Mike si munthu woipa. Anati anauza a Chirambo kuti pepalali lisamatidwe lokha popanda nambala ya otumizidwa, koma anawayankha kuti anthu asasokonezedwe ndi manambala ambiri.

Pa msonkhano wa komiti wotseka chaka adada Munthali anapempha kuti nkhani ya anesi Ida iunikidwenso, ndi kuti alembe kalata ku likulu yoyeretsa dzina lawo, poti tinamva kuti kumene anapita sanawapatsebe malo a ntchito. A Chirambo anangoloza pepala lija. Anati pa msonkhano uja munkafuna chinthu chimene chingasiyane, ndi ichi chasiyana: alipo naini, achoka ziro. Adada Munthali anayesa kufotokoza za 41 aja, koma ena anali atayamba kale kuyang'ana mawotchi. Kalata sinalembedwe.

Lamulungu lotsatira a Chirambo analengeza m'tchalitchi, pa nthawi ya zolengeza, kuti tithokoze Mulungu chifukwa chipatala chathu chatha miyezi isanu ndi iwiri osataya mayi kapena mwana ngakhale mmodzi. Anthu anaomba m'manja, amayi a chigwirizano anaimba nthungululu. Ndinali nditakhala ndi Rahab kumbuyo. Anali atawonda, ndipo kuyambira Juni sankalankhula kwambiri. Anandigwira mkono n'kundifunsa motsitsa, m'Chitumbuka, ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Temwa, ziro ndiye kuti wanga uja sanafe?"

Anaimirira anthu akadaomba m'manja, natuluka pa khomo la m'mbali, ine n'kumutsatira.